Akakuberani dzina: inshuwalansi yake imalipira chani, nanga claim mupanga bwanji?

Msuweni wanga anadziwa zoti ali ndi ngongole ya mafoni awiri tsiku lomwe anapita kukapempha ngongole yake yeniyeni nkumukana. Mafoniwo sanawaonepo, shopu yake sanapondeko phazi, koma pa pepala panali dzina lake, tsiku lake lobadwa, nambala ya chiphaso chake, zonse ndendende kupatula adiresi basi. Munthu wina anangotola zimenezi kaya kuti, nkukasaina kontirakiti ngati iyeyo, kunyamula mafoni, kulipira mwezi woyamba kuti asamukayikire, kenako zii. Makalata a otolera ngongole ankapita ku adiresi yabodza ija nde mwini dzina analibe ndi fungo lomwe.

Ngongoleyo inadzafufutidwa, kampani ija inavomera kuti si iye. Koma mufunseni lero chomwe chinamuwawa, sanena za mafoni ayi. Amanena za masiku omwe anajomba ku ntchito osalipidwa kuti akaime pa mzere, za afidaviti yomwe anakalumbira kangapo konse chifukwa ofesi iliyonse imafuna yakeyake, mafotokope osainitsa, makalata a registered, mayunitsi omwe anathera kumvetsera kanyimbo kodikirira pa foni, ndi loya yemwe anamulipira kuti alembe kalata imodzi yokha yoti otolera ngongole amusiye apume. Ndalama zimenezi ndi zomwe inshuwalansi ya identity theft, kutanthauza kuberedwa dzina, inapangidwira. Tigwirizane pamenepa tisanapite patali, chifukwa anthu ambiri amagula akuganiza kuti akaberedwa ndalama mu akaunti inshuwalansi iwabwezera, nde tsiku la claim, lokapempha kuti inshuwalansi iwalipire, amabwerako manja ali m'khosi. Yambiri imalipira zoyeretsera dzina lanu, osati zomwe akuba atenga.

Zomwe imalipira ndi zomwe siyikhudzako

Ma policy amasiyana, ndikati policy ndikunena chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi, apolisi enieniwo tiwapeza kutsogoloku. Koma mukawerenga atatu anayi muona kuti mndandanda wake ndi womwewo. Muli ndalama za loya ngati akusumirani ngongole yomwe simunatenge kapena akukunamizirani mlandu wa munthu wina yemwe anatchula dzina lanu atagwidwa. Muli malipiro a masiku omwe mwajomba ku ntchito pothamangitsa nkhaniyi, koma amaika malire pa sabata komanso kuchuluka kwa masabata. Muli ndalama zolumbirira zikalata, za positi, za foni, zotengera lipoti la mbiri ya ngongole zanu, ndi zopemphanso ngongole yomwe munakanidwa chifukwa dzina linali litadetsedwa. Ena amawonjezera ndalama za wolera mwana kapena wosamalira agogo pa tsiku lomwe inu muli ku khoti, ena zopangitsa pasipoti kapena laisensi yatsopano.

Kwa ine chamtengo mu policy si ndalamazi koma munthu. Makampani ena amakupatsani case manager, munthu mmodzi yemwe ntchito yake tsiku ndi tsiku ndi yomweyi, amadziwa kalata iti ipite kuti, fomu iti iyambe, ndipo mukamusainira chilolezo chapadera amatha kuimbira mabanki ndi ma credit bureau, mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, m'malo mwanu inu muli ku ntchito. Ena amangoti ali ndi thandizo koma thandizo lake ndi nambala yoimbira yomwe wina amakuwerengerani zoti muchite kenako basi muone nokha. Ziwirizi pa otsatsa malonda zimamveka chimodzimodzi, nde funsani mosapsatira kuti kodi muimba mafoni ndinu kapena ndine?

Tsopano zomwe siyikhudzako. Ndalama zomwe zatuluka mu akaunti yanu nthawi zambiri mulibe, pokhapokha policy italemba poyera kuti imabweza ndalama zobedwa, ndipo olo italemba choncho imalipira zokhazo zomwe banki yakana kubweza. Chachiwiri, ndalama zomwe mwatumiza nokha ndi chala chanu. Wina wakuimbirani kuti ndi wa ku banki, mwakhulupirira, mwatumiza, kapena chibwenzi cha pa Facebook chakudyerani, kwa inshuwalansi zimenezo si kuberedwa dzina, ndi kupusitsidwa, ndipo ma policy ambiri amakana. Chachitatu ndi chowawa, ngati wakuba ndi wachibale kapena munthu wokhala naye nyumba imodzi ambiri salipira, ena amalipira pokhapokha mukamudandaulire ku polisi, nde ganizirani kuti ndi mwana wanu kapena mlongo wanu, muona kulemera kwake. Za bizinesi yanu mulibe, zimafuna policy inayake. Zomwe zinachitika musanagule mulibenso, sinanga nyumba suyigulira inshuwalansi denga likuyaka kale. Nkhawa, kusowa tulo, manyazi okanidwa ngongole pamaso pa anthu, zimenezo palibe amene akupatseni kanthu.

Nanga ndalama zobedwazo zibwera kuti? Zimachokera ku banki kapena kampani ya khadi, malinga ndi malamulo a dziko lomwe muli, ndipo apa chofunika ndi liwiro. Ku America lamulo la Fair Credit Billing Act la 1974 limati wina akagwiritsa ntchito credit card yanu popanda chilolezo, inu musaluze zopitirira madola 50. Pa khadi lotapira ndalama za mu akaunti lamulo lake ndi lina, Electronic Fund Transfer Act la 1978, ndipo ndi laukali: mukanena pasanathe masiku awiri a ntchito chidziwireni kuti khadi lasowa ndi madola 50, mukachedwa zimafika madola 500, mukadutsitsa masiku 60 kuchokera tsiku lomwe banki inakutumizirani sitetimenti mutha kuluza zonse zotuluka pambuyo pake. Ku UK malire ake ndi mapaundi 35 ndipo muli ndi miyezi 13 yoti mudandaule, komanso kuyambira pa 7 Okutobala 2024 mabanki akumeneko amakakamizidwa kubweza mpaka mapaundi 85,000 kwa anthu ambiri omwe anapusitsidwa nkutumiza okha. Mwaona? Kumene kuli malamulo ngati amenewa, gawo lalikulu la chitetezo muli nalo kale popanda kugula kalikonse, inshuwalansi imangotseka mipata yotsala.

Musanatulutse ndalama fufuzani kaye

Pali anthu ambiri akulipira kawiri chinthu chimodzi. Tengani policy ya nyumba yanu kapena ya katundu wa m'nyumba ya lendi muyang'ane, makampani ena amaikamo kale identity theft, ena amalola kuwonjezera ndi kandalama kochepa. Funsani ku banki ngati akaunti kapena khadi lanu lili nayo, makamaka ma akaunti aja olipira mwezi ndi mwezi omwe amabwera ndi tizinthu tambirimbiri tomwe sitiwerenga. Funsaninso ku ntchito, mabwana ena amaiphatikiza pa zokomera antchito. Kenako sakani mu imelo yanu makalata aja oti pepani zinsinsi zanu zabedwa pa makompyuta athu, chifukwa kawirikawiri pansi pake pamakhala kodi yolembetsera ulele kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ambirife timangodilita.

Chitsanzo chachikulu ndi Equifax, imodzi mwa ma credit bureau atatu akuluakulu a ku America, mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu. Mu 2017 akathyali analowa mu makompyuta awo nkutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Pa mgwirizano wa 2019 okhudzidwa anapatsidwa zaka zingapo zowalonderera mbiri ya ngongole mwaulele, ndi inshuwalansi yofika madola 1 miliyoni mkati mwake. Ku South Africa nako mu 2020 Experian, credit bureau inanso, inapereka zinsinsi za anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu yemwe ananamizira kuti ndi kasitomala wawo. Nde musamadzione ngati opusa dzina lanu likabedwa, nthawi zambiri silibedwa m'thumba mwanu, limabedwa kwa omwe munawasungitsa.

Pa mtengo, ku America komwe malondawa anakula kwambiri, kuwonjezera pa policy ya nyumba kumakhala madola 25 mpaka 60 pa chaka, ndipo malire a zomwe angalipire amakhala cha m'ma madola 10,000 mpaka 25,000. Mbali inayi kuli makampani olondera dzina monga LifeLock ndi Aura omwe mumalipira mwezi ndi mwezi, okwera mtengo kuposa apa, ndipo pa malonda awo pamalembedwa 1 miliyoni ndi zilembo zazikulu. Nambala imeneyo isakutengeni mtima. Imagawidwa tizigawo, gawo la maloya lake, la ndalama zobedwa lake, la masiku ojomba lake, ndipo kagawo komwe inu mudzakafune kwenikweni kamatha kukhala kakang'ono. Munthu wamba ngati msuweni wanga uja zomwe anawononga sizingayandikire ndi pang'ono pomwe pa 1 miliyoni, chomwe chikadamuthandiza ndi policy yolipira msanga tindalama tating'onoting'ono popanda kumuvutitsa.

Komanso palibe amene angakutsimikizireni kuti dzina lanu silibedwa. Bwana wakale wa LifeLock, Todd Davis, anafika polemba nambala yake ya Social Security, yomwe boma la America limazindikirira munthu, pa zikwangwani ndi pa magalimoto otsatsa malonda pofuna kuonetsa kuti kampani yake ndi linga. Anthu sanachedwe kkkk, wina ku Texas anatengera ngongole ya madola 500 pa dzina lake mu 2007, ndipo pofika 2010 nyuzipepala zinalemba kuti dzinalo lagwiritsidwa ntchito ndi akuba kosachepera ka 13. Chaka chomwecho kampaniyo inalipira madola 12 miliyoni pa mlandu wa malonda osocheretsa womwe inazengedwa ndi FTC, bungwe la boma loteteza ogula, pamodzi ndi maboma a zigawo, ndipo mu 2015 inalipiranso madola 100 miliyoni chifukwa chosatsata zomwe anagwirizana. Kulondera kumakuuzani kuti wakuba walowa, sikumutsekera chitseko.

Mafunso oti mufunse wogulitsa

Pemphani policy yonse, osati kapepala kokongola ka zithunzi za banja likumwetulira. Pitani molunjika pa tsamba la zomwe salipira, muyambire pamenepo nkumabwerera kumayambiriro. Pajatu safunsa anadya phula.

Funso loyamba ndi excess, ena amati deductible, ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha iwo asanayambepo. Ngati excess ili madola 500 ndipo zonse zomwe mwawononga ndi madola 400, mwalipira chaka chonse kuti mulandire palibe. Pa inshuwalansi iyi sakani yopanda excess kapena yochepetsetsa, chifukwa ma claim ake ambiri ndi ang'onoang'ono. Kenako za loya, kodi ndisankha ndekha kapena mundipatsa wanu, nanga ndiyenera kupempha chilolezo ndisanakumane naye? Ambiri amafuna chilolezo cholembedwa, mukangothamangira kwa loya ndi mantha nkudzabweretsa lisiti pambuyo amakukanirani osaphethira. Za masiku ojomba funsani ngati ndinu odzilemba nokha ntchito, ena amangowerengera olembedwa omwe ali ndi payslip, nde wa geni yake amatsala padzuwa.

Funsaninso kuti policy imawerengera tsiku lomwe chinyengo chinachitika kapena tsiku lomwe inu mwachitulukira. Ili ndi funso lomwe anthu amalidumpha koma ndi lalikulu, chifukwa kuba dzina kumadziwika mochedwa, miyezi olo zaka. Za ana ndiye kwambiri, dzina la mwana ndi loyera, palibe amene amaliyang'ana, akuba amatha kulidya zaka khumi nkudzadziwika mwanayo atakula akufuna ngongole ya sukulu. Nde onani ngati ana ndi amuna kapena akazi anu ali mkati, komanso ngati malire aja ndi a munthu aliyense kapena a banja lonse pamodzi. Onani masiku omwe akupatsani oti muwadziwitse mukatulukira vuto, alembeni penapake poonekera. Ndipo funsani mitundu ya kuba yomwe amavomereza, sikuti ndi ngongole zokha ayi, wina amakalandirira chithandizo ku chipatala pa dzina lanu, wina amakatenga ndalama zobwezedwa za msonkho, wina amalanda nambala yanu ya foni pochita SIM swap kuti ma kodi a ku banki azibwera kwa iye. Pomaliza, ngati mukugula kwa kampani yolondera dzina, dziwani kuti inshuwalansiyo nthawi zambiri mwini wake ndi kampani ina kuseri, funsani dzina lake chifukwa tsiku la mkangano mudzalimbana ndi imeneyo.

Zaulele zomwe zimaposa zogula

Olo mutagula policy yabwino bwanji, pangani izi kaye. Ku America mutha kutseka mbiri yanu ya ngongole, amati credit freeze, ku Equifax, Experian ndi TransUnion, konse kutatu payokhapayokha, ndipo kuyambira Seputembala 2018 ndi zaulele. Ikatsekedwa wobwereketsa sangaione, nde wakuba akapita ndi dzina lanu amabwerako chimanjamanja, inu mukafuna ngongole mumangotsegula kwa masiku ochepa nkutsekanso. Lipoti lanu mutha kuliona mwaulele pa AnnualCreditReport.com, ndipo bungwe la msonkho la IRS limapereka nambala yachinsinsi ya manambala 6 yotchedwa IP PIN kuti wina asalembe za msonkho pa dzina lanu. Ku UK kuli Cifas, bungwe lolimbana ndi chinyengo, mumalembetsa Protective Registration yomwe imakhala zaka ziwiri, iyo ndi yolipira pang'ono, ndipo obwereketsa amayamba afufuza kawiri asanavomere chilichonse pa dzina lanu. Ku South Africa ntchito ngati yomweyo imagwiridwa ndi bungwe la SAFPS mwaulele, komanso lamulo limakupatsani lipoti limodzi laulele pa chaka ku credit bureau iliyonse. Kulikonse komwe muli, dziwani ma credit bureau a dziko lanu ndipo muzipempha lipoti lanu, msuweni wanga akadatero mafoni aja akadawagwira mwezi wachiwiri.

Zinazi mukuzidziwa, pasiwedi yosiyana pa imelo ndi pa banki, kodi yachiwiri polowa, PIN pa SIM khadi, kung'amba mapepala a ku banki musanataye, kusatumiza chithunzi cha chiphaso chanu pa WhatsApp kwa aliyense wongolonjeza ntchito.

Tsiku lomwe zachitika

Mtima umathamanga, manja amanjenjemera, koma tsatani dongosolo ili. Yambani ndi banki kapena kampani yomwe chinyengo chachitikira, pemphani a dipatimenti ya fraud, yoona za chinyengo, osati wolandira alendo, atseke akaunti kapena khadi pompopompo. Imbani nambala yomwe ili kuseri kwa khadi lanu, osati yomwe yabwera mu meseji yokuchenjezani, chifukwa mesejiyo itha kukhala ya akuba omwewo. Sinthani pasiwedi ya imelo musanasinthe ina iliyonse, sinanga ma pasiwedi ena onse amakonzedwera kumeneko. Kenako tsiku lomwelo imbirani a inshuwalansi, musadikire kuti nkhani ithe, musanalipire aliyense kanthu, atsegule fayilo akupatseni nambala ya claim ndipo muwafunse zomwe akufuna kuti muwabweretsere. Akakuuzani pakamwa kuti pitani kwa loya tilipira, auzeni alembe pa imelo.

Kenako lipoti la boma. Ku America mumalowa pa IdentityTheft.gov ya FTC, mumalemba zomwe zachitika nkutulutsa lipoti lomwe lili ndi mphamvu ndithu, mukalitumiza ku credit bureau pamodzi ndi umboni woti ndinu inuyo ndi mndandanda wa zabodzazo, lamulo limati azitchinge pasanathe masiku 4 a ntchito. Limakupatsaninso mwayi woika chenjezo pa dzina lanu la zaka 7 m'malo mwa la chaka chimodzi. Kwina konse pitani ku polisi mukatenge lipoti lokhala ndi nambala ya mlandu. Apolisi ena amakuyang'anani ngati mwabwera kudzawatayitsa nthawi poti palibe magazi kapena loko wothyoledwa, musakwiye, auzeni kuti simukuyembekezera kuti amugwira mawa, mukungofuna pepala chifukwa banki ndi inshuwalansi sizisuntha popanda ilo. Tengani makope ambiri, aliyense adzafuna lake.

Apa nde pagona claim yanu yonse: kope ndi envulopu. Gulani kope limodzi la nkhaniyi basi. Foni iliyonse yomwe mwaimba lembani tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, dzina la yemwe munalankhula naye, nambala ya reference ndi zomwe walonjeza. Zimaoneka zauchitsiru pa tsiku loyamba, pa mwezi wachinayi mudzakhala mutalankhula ndi anthu 30 ndipo aliyense adzakana kuti sananenepo zimenezo. Pa nkhani ya Equifax ija anthu ankaloledwa kupempha madola 25 pa ola pa nthawi yomwe anataya, mpaka maola 20, nde amene analibe polemba ankangokanda mutu. Mu envulopu muziponya lisiti lililonse, la positi, la fotokope, la wolumbiritsa, tikiti ya ulendo, ndipo muzilijambula pa foni tsiku lomwelo chifukwa timalisiti ta makina tija timafufutika tokha pakatha miyezi ingapo nkutsala pepala loyera. Pa masiku ojomba pemphani abwana anu kalata yonena masiku ake ndi kuti simunalipidwe, muphatikize ndi payslip ya mwezi umenewo. Mapepala enieni musatumize kwa aliyense, tumizani makope, ndipo makalata ofunika apite ndi positi yosainira kuti pakhale umboni woti analandira.

Chinthu chimodzi chomwe muyenera kupewa zivute zitani, musalipire olo kangachepe pa ngongole yomwe si yanu. Otolera ngongole amadziwa kunyengerera, amati lipiraniko pang'ono tisiye kukuimbirani, zinazo tikambirana. Mukalipira zimaoneka ngati mwavomera kuti ndi yanu, ndipo inshuwalansi siidzakubwezerani ndalama imeneyo. Alembereni kuti mukuikana, aphatikizireni lipoti lija, ndipo apempheni kope la fomu yomwe inasainidwa potenga ngongoleyo. Msuweni wanga ataiona fomu yake anaseka koyamba pa miyezi ingapo, siginecha yake inali ya munthu yemwe olo kalembedwe ka dzinalo anakaphonya, anasiya chilembo chimodzi pakati.

Potumiza claim musangounjika malisiti ngati zinyalala. Lembani pa tsamba limodzi tsiku, chomwe munalipira, chifukwa chake ndi ndalama yake, malisiti muwapatse manambala ogwirizana ndi mzere uliwonse. Munthu yemwe akuona fayilo yanu ali ndi mafayilo enanso mulu, yosavuta kuwerenga ndi yomwe imatuluka msanga. Ngati nkhani ikutalika funsani ngati mungamatumize pang'onopang'ono m'malo modikira mapeto, ndipo samalani ndi tsiku lomaliza lotumizira umboni, limakhala losiyana ndi lija lowadziwitsira.

Akakana, musangoti basi zatha. Apempheni alembe chifukwa chake ndipo atchule ndime ya policy yomwe aimirapo, nthawi zina mumapeza kuti vuto ndi pepala limodzi losowa. Dandaulani kaye mkati mwa kampani momwemo, zikakanika pitani kwa oyang'anira. Ku UK kampani ili ndi masabata 8 oti ikuyankheni komaliza, kenako muli ndi miyezi 6 yokatula nkhani ku Financial Ombudsman Service, ofesi yoweruza madandaulo otere, ndipo ndi zaulele. Ku America chigawo chilichonse chili ndi dipatimenti yake yoona za inshuwalansi yomwe imalandira madandaulo. Maiko ambiri ali ndi ofesi ya mtundu umenewu, dzina lake limalembedwa kumapeto kwa policy ndi tizilembo tating'ono tija.

Nde kodi mugule? Ine maganizo anga, ngati ikubwera ndi kandalama kochepa pa policy ya nyumba yomwe muli nayo kale, ilibe excess, ndipo muli case manager weniweni woimba mafoni, tengani. Ngati ntchito yanu ndi yoti tsiku lojomba ndi tsiku lopanda malipiro, kapena mukusamalira makolo okalamba omwe sangathe kulimbana ndi mafomu, kapena muli dziko lachilendo komwe chilankhulo cha m'maofesi chimakuvutani, apo ndiye ikuthandizani zedi. Koma kumalipira ndalama zambiri mwezi ndi mwezi chifukwa choopsezedwa ndi malonda, chonsecho mbiri yanu ya ngongole simunaitseke ndipo lipoti lanu simunaliwonepo chibadwire, kumeneko nkugula ambulera nyumba ilibe denga.

Nkhani ikatha pemphani kalata kwa kampani iliyonse yonena kuti akauntiyo inali yachinyengo, yatsekedwa, ndipo inu mulibe ngongole. Osati foni yoti zatheka bwana, kalata yokhala ndi tsiku ndi siginecha. Patsani miyezi iwiri itatu mutengenso lipoti lanu muone ngati zafufutidwadi ku ma credit bureau onse, chifukwa ina imafufuta ina nkuiwala. Ndipo envulopu ija musaitaye. Ngongole zoipa makampani amagulitsana ngati katundu, nde ya mafoni ija itafufutidwa bwinobwino, patatha chaka ndi theka inatulukiranso kwa otolera ngongole ena atsopano omwe anaigula mu mulu wa zinzake, anamuimbira msuweni wanga ndi mawu aukali omwe aja ngati palibe chinachitikapo. Iye anangofunsa imelo yawo, anajambula kalata yotsekera ija ndi lipoti la polisi nkutumiza ali pa foni pomwepo, ndipo sanaimbenso.